Chifasizimu ndi maulamuliro ofuna munthu yense: zinayamba bwanji, ndipo zimasiyana pati?

Chipani cha Fratelli d'Italia chitapambana chisankho ku Italy mu Seputembala 2022, manyuzipepala ambiri anafunsa ngati chifasizimu chabwerera kumene chinabadwira, popeza mizu ya chipanicho imafika kwa otsatira a Benito Mussolini, wolamulira wakale wa dzikolo, amene anatsala nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha. Chaka chomwecho Vladimir Putin anatumiza asilikali ku Ukraine n'kunena kuti akukachotsa anthu a maganizo a Nazi, pamene a ku Ukraine ankati wachifasizimu weniweni ndi iyeyo. Ku America nako andale amaponyerana dzina limeneli nthawi ya kampeni. Ngati aliyense akutchula mdani wake choncho, womvera wailesi azitolapo chiyani?

Chisokonezo chimabwera chifukwa zinthu zitatu zosiyana zimaphatikizidwa: ulamuliro wankhanza wamba, ulamuliro wofuna kulowerera paliponse, ndi chifasizimu. Zimakhudzana, koma si chinthu chimodzi.

Ulamuliro wankhanza wamba

Uwu ndi ulamuliro umene munthu mmodzi kapena kagulu kochepa kamagwira boma popanda wokaletsa. Makhoti, Nyumba ya Malamulo ndi chisankho zimakhalapo mwa dzina chabe, kapena zimathetsedwa kumene. Ndi wakale ngati mafumu, ndipo sufuna mfundo zakuya. Kazembe wa asilikali akhoza kulanda boma m'mamawa n'kulamulira zaka makumi awiri osanena chimene amakhulupirira.

Ku Ulaya maulamuliro otere anachuluka nkhondo yoyamba ya padziko lonse itatha mu 1918. Maufumu akuluakulu a Germany, Austria-Hungary, Russia ndi Ottoman anagwa, ndipo m'malo mwake munabadwa mayiko amene anayesa demokalase asanaizolowere. Ambiri sanapite nayo patali. Miklós Horthy anagwira Hungary kuyambira 1920, Primo de Rivera anatenga Spain mu 1923, Józef Piłsudski analanda boma la Poland mu 1926, ndipo chaka chomwecho asilikali anagwetsa boma la Portugal. Ambiri mwa amenewa anali akuluakulu a asilikali kapena anthu a mabanja apamwamba amene ankangofuna bata, ndipo kwa iwo bata linkatanthauza kuti anthu wamba azikhala chete.

Ulamuliro wofuna kulowerera paliponse

Uwu ndi umene pa Chingerezi amati totalitarianism. Kusiyana kwake ndi woyamba uja kuli ngati kwa malandilodi awiri. Wina amati: lipira lendi pa nthawi yake, usandinyoze, zina zonse ndi zako. Winayo amasunga kiyi wa chipinda chako, amalowa usiku kudzaona chimene ukuwerenga, amasankha dzina la mwana wako, ndipo m'mawa uliwonse amafuna uime pakhonde n'kumuimbira nyimbo yomutamanda. Kwa woyambayo kukhala chete n'kokwanira. Kwa wachiwiriyo kukhala chete ndi mlandu.

Mawuwa anayamba ngati chipongwe. Mu 1923 Giovanni Amendola, wandale wotsutsa ku Italy, anawagwiritsa ntchito podzudzula mmene chipani cha Mussolini chinkamezera chilichonse. Mussolini anawatola n'kuwasandutsa chonyadira, ndipo mu 1925 ananena mfundo yake yotchuka: zonse zikhale m'boma, pasakhale kanthu kunja kwa boma, pasakhale kanthu kotsutsana ndi boma.

Zizindikiro zake zimadziwika. Pamakhala chipani chimodzi ndi mtsogoleri amene salakwa, chiphunzitso chimodzi chimene chimafotokoza chilichonse kuyambira mbiri ya dziko mpaka ulimi, apolisi achinsinsi, ndi boma logwira manyuzipepala, wailesi, sukulu ndi chuma. Magulu amene anthu amadzipangira okha, monga mabungwe a anthu apantchito, matimu a masewera, makwaya ndi magulu a achinyamata a mipingo, amathetsedwa kapena amalowetsedwa m'chipani.

N'chifukwa chiyani zimenezi zinatheka m'zaka za m'ma 1900 osati kale? Mafumu akale ankatha kupha anthu, koma analibe njira yofikira pakhomo lililonse tsiku lililonse. Njanji, telefoni, wailesi, kanema, sukulu za boma ndi kaundula wa nzika zinapereka njirayo. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 inaphunzitsanso maboma kuti angathe kulamula mafakitale chopanga, kugawa chakudya mwa muyezo, kutsekereza nkhani ndi kutumiza anyamata mamiliyoni kukafa, anthu n'kumvera. Luso limeneli silinaiwalike nkhondo itatha.

Chifasizimu: mmene chinayambira ku Italy

Chifasizimu ndi mtundu umodzi wa ndale, osati dzina la nkhanza iliyonse. Mtima wake ndi chikhulupiriro chakuti mtundu wa anthu unali waukulu kale, wanyozeka chifukwa cha adani a mkati ndi a kunja, ndipo udzadzukanso pansi pa mtsogoleri mmodzi. Munthu payekha alibe phindu kunja kwa mtunduwo. Kukambirana kwa aphungu kumaonedwa ngati kufooka, ndipo chiwawa chimatamandidwa ngati mankhwala oyeretsa dziko. Chimadana ndi chikomyunizimu kwambiri, ndipo sichilanda katundu wa olemera malinga ngati akuchita zofuna za boma. Chimasiyananso ndi akazembe olanda boma aja pa mfundo imodzi yaikulu: chimafuna khamu la anthu, mayunifolomu, maperete ndi misonkhano yodzaza mabwalo.

Benito Mussolini anayamba ndale ngati wa chipani cha sosholizimu, ndipo anali mkonzi wa nyuzipepala yake ya Avanti! Anamuchotsa mu 1914 chifukwa chofuna kuti Italy ilowe nkhondo. Italy inalowadi mu 1915, inataya asilikali pafupifupi 600,000, ndipo ngakhale inali kumbali yopambana sinapatsidwe madera onse amene inalonjezedwa. Asilikali anabwerera kwawo ndi mkwiyo n'kupeza ntchito kulibe ndipo zinthu zakwera mtengo.

Pa 23 Malichi 1919, ku Milan, Mussolini anakhazikitsa gulu lake lotchedwa Fasci di Combattimento. Pa chisankho cha chaka chomwecho silinapeze mpando ndi umodzi womwe. Chimene chinalikweza ndi mantha a anthu ena. Mu 1919 ndi 1920 sitalaka zinali ponseponse, anthu apantchito analanda mafakitale ku Turin ndi ku Milan, ndipo kumidzi olima m'minda ya eni malo ankafuna malipiro ndi malo. Olemera ankaona ngati zimene zinachitika ku Russia mu 1917, pamene achikomyunizimu analanda boma, zafika pakhomo. Eni minda ikuluikulu a m'chigwa cha mtsinje wa Po anayamba kupereka ndalama ndi magalimoto kwa magulu a anyamata ovala malaya akuda. Anyamatawa ankafika usiku pa malole, kuwotcha maofesi a mabungwe a anthu apantchito, kumenya atsogoleri ndi zibonga, ndi kuwamwetsa mafuta a nsatsi mokakamiza kuti atsegule m'mimba pamaso pa anthu. Apolisi nthawi zambiri ankayang'ana kumbali.

Andale akale anaganiza kuti njira yowetera gululi ndi kulilowetsa m'nyumba. Mu 1921 nduna yaikulu Giovanni Giolitti analiika mu mgwirizano wake wa chisankho, ndipo linapeza mipando 35 mwa mipando yoposa 500. Mu Okutobala 1922 a malaya akuda anasonkhana kunja kwa Rome n'kuopseza kuti alowa mu mzindawo. Asilikali a boma akanatha kuwabalalitsa. Nduna yaikulu Luigi Facta inakonza chikalata cholamula asilikali kuti achitepo kanthu, koma Mfumu Victor Emmanuel III inakana kusaina, ndipo m'malo mwake inaitana Mussolini kuti apange boma. Iye anabwera kuchokera ku Milan pa sitima ya usiku. Perete wa otsatira ake m'misewu ya Rome anachitika udindo ataupeza kale, ngakhale kuti pambuyo pake nkhaniyi inkaphunzitsidwa m'sukulu ngati kulanda boma mwa chamuna.

Zotsatira zake zinayenda pang'onopang'ono, ndipo zambiri zinadutsa m'Nyumba ya Malamulo. Lamulo la Acerbo la 1923 linati chipani chimene chatsogola pa chisankho, chikangofika mavoti 25 pa 100 alionse, chitenge magawo awiri mwa atatu a mipando. Chisankho cha 1924 chitadutsa, phungu wa sosholizimu Giacomo Matteotti anaimirira m'Nyumba n'kunena za chinyengo ndi ziopsezo zimene zinachitika. Pa 10 Juni anagwidwa mu msewu ndi anthu a chipani cholamula, ndipo mtembo wake unapezeka patapita miyezi iwiri. Kwa kanthawi boma linagwedezeka. Aphungu otsutsa ananyanyala Nyumba, akudikira kuti mfumu ichotse Mussolini. Mfumu sinachite kanthu. Pa 3 Januwale 1925 Mussolini anauza aphungu kuti udindo wa zonse zimene zachitika akuusenza yekha, ndipo palibe amene anamuimba mlandu. Pofika kumapeto kwa 1926 zipani zina zonse zinali zitaletsedwa.

Komabe kulowerera paliponse kumene Mussolini ankanyadira sikunakwanire. Mfumu inakhalabe pampando, ndipo Mpingo wa Katolika, umene anagwirizana nawo pa pangano la Lateran mu 1929, unasunga mphamvu zake zambiri. Mfumu yomweyo ndi imene inamuchotsa mu Julayi 1943 nkhondo itamuipira.

Chipani cha Nazi ku Germany

Maganizo a Nazi ndi chifasizimu chimene pakati pake pali tsankho la magazi. Mussolini ankalambira boma; Adolf Hitler ankalambira fuko. Iye ankaphunzitsa kuti mbiri yonse ndi nkhondo ya mafuko, kuti Ajeremani ndi apamwamba, kuti Ayuda ndiwo gwero la mavuto onse, ndiponso kuti Germany iyenera kulanda malo kum'mawa kwa Ulaya. Ku Italy malamulo osala Ayuda anabwera mochedwa, mu 1938. Ku Germany chidani chimenechi chinalipo kuyambira tsiku loyamba.

Anthu ambiri amati chinakweza Hitler ndi pangano la Versailles la 1919, limene linalanda Germany madera ndi kuilipiritsa ndalama zambiri, komanso kugwa kwa ndalama mu 1923, pamene dola imodzi ya ku America inafika pa mamaki oposa 4 thililiyoni. Zimenezi zinasiyadi chilonda, koma manambala a chisankho akuonetsa kuti sizinali zokwanira. Mu Novembala 1923 Hitler anayesa kulanda boma ku Munich, analephera, n'kumangidwa. Mu 1928, chuma chitakhazikikako, chipani chake chinapeza mavoti 2.6 okha pa 100 alionse.

Chinasintha zinthu ndi kugwa kwa chuma cha dziko lonse kumene kunayambira ku New York mu 1929. Ngongole za ku America zimene Germany inkadalira zinauma, ndipo pofika 1932 anthu pafupifupi 6 miliyoni analibe ntchito. Mavoti a Nazi anakwera kufika 18 pa 100 mu 1930, kenako 37 mu Julayi 1932. Zipani za pakati zinalephera kugwirizana, ndipo dziko linkayendetsedwa ndi malamulo a mwadzidzidzi amene Pulezidenti Paul von Hindenburg ankasaina pogwiritsa ntchito gawo 48 la malamulo oyendetsera dziko. Kunena zoona, demokalase ya Germany inali itayamba kale kudwala Hitler asanafike pampando.

Pali mfundo imene imaiwalika kawirikawiri: Hitler sanapezepo mavoti opitirira theka pa chisankho chilichonse cha ufulu. Mu 1932 anapikisana pa upulezidenti n'kugonja kwa Hindenburg, ndipo mu Novembala chaka chomwecho mavoti a chipani chake anatsika kufika 33 pa 100. Anamukweza ndi andale osunga mwambo monga Franz von Papen, amene ananyengerera pulezidenti wokalambayo kuti amusankhe kukhala mkulu wa boma pa 30 Januwale 1933. M'nduna za Hitler munali a Nazi atatu okha, kuphatikizapo iye mwini, ndipo Papen ankakhulupirira kuti amulemba ganyu chabe, adzamulamulira. Ndi maganizo omwewo amene Giolitti anali nawo ku Italy.

Zimene zinatengera Mussolini zaka zinayi zinatengera Hitler miyezi yosakwana isanu ndi umodzi. Pa 27 Febuluwale nyumba ya malamulo ya Reichstag inapsa, ndipo m'mawa mwake kunatuluka lamulo lochotsa ufulu wolankhula, wosonkhana ndi wosamangidwa popanda mlandu. Mu Malichi msasa wa Dachau unatsegulidwa, ndipo oyamba kutsekeredwamo anali andale otsutsa. Pa 23 Malichi aphungu anavomereza lamulo lopatsa nduna mphamvu yopanga malamulo popanda Nyumba. Aphungu achikomyunizimu anali m'ndende kapena mobisala, ndipo 94 okha, onse a chipani cha Social Democratic, ndi amene anakana. Ovomereza anali 444. Mu Meyi mabungwe a anthu apantchito anathetsedwa, mu Julayi zipani zina zonse zinaletsedwa. Hindenburg atamwalira mu Ogasiti 1934, Hitler anaphatikiza udindo wa pulezidenti ndi wa mkulu wa boma, ndipo asilikali analumbira kukhulupirika kwa iye monga munthu, osati kwa dziko.

Kenako anayamba kuumba anthu. Joseph Goebbels anaonetsetsa kuti wailesi zotchipa zafika m'nyumba zambiri. Ana ankalowa m'magulu a achinyamata a chipani. Apolisi achinsinsi a Gestapo sanali ambiri monga anthu amaganizira. Ofufuza amene anawerenga mafayilo awo anapeza kuti milandu yambiri inkayamba ndi munthu wamba wonenera mnansi wake kapena mnzake wa kuntchito. Malamulo a Nuremberg a 1935 anachotsera Ayuda unzika weniweni, mu Novembala 1938 masunagoge ndi masitolo awo anawotchedwa ndi kuphwanyidwa m'dziko lonse, ndipo pa nthawi ya nkhondo Ayuda pafupifupi 6 miliyoni anaphedwa, pamodzi ndi Aromani (amene ena amawatcha ma Gypsy), olumala, akaidi a nkhondo ndi ena ambiri.

Soviet Union ya Stalin

Apa ndi pamene mawu awiri aja amapatukana. Ulamuliro wa Joseph Stalin unali wolowerera paliponse, mwina kuposa wa Hitler, koma sunali chifasizimu. Chiphunzitso chake chinali cha nkhondo ya pakati pa olemera ndi anthu apantchito, osati ya mafuko, ndipo chinkalonjeza dziko lopanda mabwana. Unalowanso mosiyana. A Bolshevik, achikomyunizimu otsogozedwa ndi Vladimir Lenin, analanda boma ndi mfuti mu 1917, anabalalitsa nyumba ya malamulo yosankhidwa ndi anthu mu Januwale 1918, n'kupambana nkhondo ya pachiweniweni. Palibe mfumu kapena pulezidenti amene anawaitana.

Stalin anakwera kudzera mu ofesi. Monga mlembi wamkulu wa chipani kuyambira 1922, ndiye ankasankha woti akhale pa udindo uti, ndipo Lenin atamwalira mu 1924 anagwetsa anzake mmodzimmodzi. Kuyambira 1929 minda ya alimi inalandidwa n'kuphatikizidwa kukhala minda ya onse yoyang'aniridwa ndi boma, alimi opezako bwino anathamangitsidwira kutali, ndipo njala ya 1932 ndi 1933 inapha anthu mamiliyoni, makamaka ku Ukraine ndi ku Kazakhstan. Mu 1937 ndi 1938 apolisi achinsinsi a NKVD ankapatsidwa chiwerengero cha anthu oti amangidwe ndi oti aphedwe m'chigawo chilichonse, ndipo mabuku awo omwe akuonetsa kuti pafupifupi 680,000 anawomberedwa m'zaka ziwirizo. Ambiri anali anthu wamba, koma lupangalo linadyanso akuluakulu a chipani ndi akazembe a asilikali.

Maboma awiri odanawa, la Hitler ndi la Stalin, anasainirana pangano mu Ogasiti 1939 n'kugawana Poland, mpaka Hitler anaukira Soviet Union mu Juni 1941.

Pamene nkhaniyi inakhudza Africa

Nkhanza za chifasizimu cha Italy zinaonekera kwambiri kuno kuposa kwawo. Ku Libya anthu a ku Cyrenaica anatsekeredwa m'misasa, ndipo mtsogoleri wa okana ulamulirowo, Omar Mukhtar, anapachikidwa mu 1931. Mu Okutobala 1935 Mussolini anaukira Ethiopia ndi ndege ndi mpweya wa poizoni. Mfumu ya Ethiopia, Haile Selassie, inakadandaula ku League of Nations, bungwe la mayiko la nthawiyo, ku Geneva mu 1936, koma zilango zimene bungwelo linapereka sizinakhudze mafuta a galimoto ndi ndege, choncho sizinaletse kanthu.

Asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland, pamodzi ndi a Northern Rhodesia Regiment, anamenyana ndi asilikali a Italy ku British Somaliland mu Ogasiti 1940, ndipo asilikali a mu Africa muno anali m'gulu limene linachotsa Italy ku Ethiopia mu 1941. Anyamata amenewa ankamenyera ufulu wa ena pamene kwawo analibe voti. Ku Mozambique nako ulamuliro wa António Salazar, amene anatsogolera Portugal kuyambira 1932 mpaka 1968, unkadziwika ndi chibalo, kulimitsa thonje mokakamiza ndi apolisi achinsinsi a PIDE, ndipo anthu ambiri anathawira ku Nyasaland.

Mafunso amene akatswiri sanagwirizanebe

Loyamba ndi lakuti kodi n'koyenera kuika Hitler ndi Stalin m'gulu limodzi. Hannah Arendt, amene analemba za nkhaniyi mu 1951, ankaona kuti njira zawo zinali zofanana: mantha, misasa, bodza la boma ndi kudula munthu kwa anzake. Otsutsa amati kufananitsaku kunatchuka nthawi ya mkangano wa America ndi Soviet Union chifukwa kunkathandiza mbali imodzi, ndiponso kuti kumabisa kusiyana kwa zolinga. Ena amaonjezera kuti palibe boma limene linakwanitsadi kulamulira chilichonse. Ngakhale pansi pa Stalin anthu ankagulitsana zinthu mobisa, kupemphera mobisa ndi kunena nthabwala zonyoza akuluakulu.

Lachiwiri ndi malire a dzinali. Francisco Franco anathandizidwa ndi Hitler ndi Mussolini pa nkhondo ya ku Spain ya 1936 mpaka 1939, ndipo analamulira mpaka 1975, koma ankadalira asilikali ndi mpingo kuposa khamu la chipani. Salazar sankakonda n'komwe misonkhano ya chinamtindi. Katswiri wa ndale Juan Linz anati maboma otere ndi opondereza chabe, ndiye kuti a ulamuliro wankhanza wamba uja, pamene ena amati ndi chifasizimu chovala jekete. Mkangano womwewo ulipo pa Japan ya m'ma 1930, ndiponso pa maboma a chipani chimodzi a mu Africa, kuphatikizapo la Malawi kuyambira 1966 mpaka referendamu ya 1993. Akatswiri ambiri amawaika m'gulu la opondereza, ngakhale kuti makadi a chipani, magulu a achinyamata ndi kutamanda mtsogoleri zimachititsa ena kufunsa kuti mzere uli pati.

Lachitatu ndi chifukwa chake. Mavuto a chuma a 1929 anamenyanso America ndi Britain, koma chipani cha chifasizimu chimene Oswald Mosley anayambitsa ku Britain mu 1932 sichinapeze mpando m'Nyumba ya Malamulo. Kodi chinapulumutsa mayikowa ndi kuzolowera demokalase, kupambana kwawo pa nkhondo yoyamba, kapena kungoti andale awo akuluakulu sanafune mgwirizano ndi anthu achiwawa? Palinso funso la atsamunda. Germany inapha anthu a mitundu ya Herero ndi Nama ku Namibia pakati pa 1904 ndi 1908, ndipo mu 2021 inavomereza kuti kumeneku kunali kufuna kufafaniza mtundu. Ena amaona njira yolunjika kuchokera kumeneko kufika ku misasa ya Nazi; ena amati mayiko ena a atsamunda anachitanso nkhanza koma sanafike komweko.

Lomaliza ndi la lero. Zipani zambiri zimene zikutchedwa zachifasizimu zimapikisana pa chisankho, zilibe asilikali awoawo a mumsewu, ndipo sizilalikira nkhondo yolanda mayiko. Ena amati chifukwa cha zimenezi dzinalo silikuziyenera, n'kusankha kuzitcha zokonda dziko monyanyira. Ena amayankha kuti Mussolini wa 1921 nayenso anali ndi mipando 35 yokha ndipo ankakhala m'Nyumba ya Malamulo ngati phungu wina aliyense. Sizikudziwikanso ngati boma la masiku ano, lokhala ndi makamera ozindikira nkhope ndi njira zowerengera mauthenga a pafoni, lingafunikirenso maperete ndi misasa kuti lifike pamene Gestapo ndi NKVD ankafuna kufika.